Kumene Ana Amatola Nkhani Zao: Mbiri ya Kuphunzitsa Kupeka Nthano m'Cinyanja

1. MAU OYAMBA

Aphunzitsi ambiri a Cinyanja m'masukulu a pulaimale ali ndi dandaulo lofanana. Iwo amati akauza ana kuti alembe nkhani yaifupi yopeka okha, kalasi yonse imangoti zii, ana n'kumaluma mapensulo, ndipo nthawi ikatha ambiri amapereka mizere itatu kapena inai imene mulibe cocitika ciri conse. Mphunzitsi akafunsa, yankho limakhala lakuti, "Aphunzitsi, ndilibe colemba." Cododometsa n'cakuti belu likangolira, mwana yemweyo amaima pakati pa anzake panja n'kumasimba za mkangano umene anaona pacitsime dzulo lake, akutsanzira mau ndi kayendedwe ka munthu ali yense, anzakewo ali kukamwa yasa.

M'pepala lino tifuna kulondola mbiri ya njira zimene ana olankhula Cinyanja, makamaka a cigawo ca kum'mawa kwa Zambia ndi a mu Lusaka, akhala akuthandizidwa nazo kupeza nkhani, kuyambira nthawi imene sukulu zinali zisanafike kufikira masiku ano. Mfundo yathu ndi yakuti ana sanakhalepo amphawi a nkhani. Cimene cakhala cikusintha ndi mtunda wa pakati pa malo amene mwana amasungako nkhani zake, ndiwo cinenero cake ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndi pepala limene auzidwa kulembapo. Nthawi iri yonse imene sukulu inafupikitsa mtunda umenewu, ana analemba. Pamene inautalikitsa, anakhala cete.

2. MAPHUNZIRO A MADZULO PAMUDZI

Sukulu zisanafike, mwana anali kuphunzira kupeka nkhani madzulo, makamaka m'nyengo ya masika nchito za kumunda zitacepa. Atsikana anali kusonkhana kukuka kwa agogo ao, anyamata kumphala, ndipo mwezi ukawala onse anali kukumana panja. Pakati pa Acewa macezawo kawirikawiri anali kuyamba ndi zilape: wina amati "Cilape!" anzake n'kuvomera "Nacize!" Pambuyo pake wamkulu anali kutsegula nthano ndi mau akuti "Padangokhala," omvera n'kumayankha "Tili tonse" pa mpumulo uli wonse. Wamkuluyo akamaliza, mpata unali kugwera ana, wina pambuyo pa mnzake.

Tikapenda bwino macezawa tipezamo zinthu zitatu zimene zinali kuthandiza mwana. Coyamba, mwana sanali kuyamba wopanda kanthu m'manja. Iye anali kulandira anthu a m'nthano amene khalidwe lao linali lodziwika kwa onse: Kalulu wocenjera, Fisi wadyera, Kamba wodekha, Mkango wodalira mphamvu. Anali kulandiranso mabvuto odziwika, monga njala, cilala cimene caumitsa zitsime, mkamwini wocita manyazi kwa apongozi ake, kapena mwana wamasiye wozunzidwa ndi mai womupeza. Mitengo ya nyumba inali yozikidwa kale. Nchito ya mwana inali kuphoma ndi dothi lake. Iye anali womasuka kusintha dzina la mtsinje, kuonjeza nyama ina, kapena kupatsa Fisi kalankhulidwe ka munthu wina wa pamudzi pomwepo kuti anzake aseke.

Caciwiri, mwana anali ndi omvera amene anali kumuongolera nkhani iri mkati. Akaiwala munthu wina panjira, mnzake anali kufunsa kuti, "Nanga Fisi uja wapita kuti?" Akafulumira kumaliza, anali kumubweza. Akatalikitsa mosakoma, mayankho anali kuzirala, ena n'kuyamba kuodzera. Motero mwana anali kuphunzira ndi makutu ake kuti nkhani imafuna bvuto, kuti bvutolo liyenera kukula lisanathe, ndiponso kuti munthu amene walowetsedwa m'nkhani sangosiyidwa m'malere.

Cacitatu cinali masanje. Atakolola, ana anali kumanga timisasa kunja kwa mudzi, n'kugawana maudindo: uyu tate, uyu mai, uyu mfumu, uyu fisi wobwera kudzaba ndiwo. M'masewera amenewa ana anali kutola zocitika za pakhomo pao, monga milandu, maukwati ndi mikangano, n'kuzisandutsa sewero popanda wamkulu wowauza colankhula. Sitikunena kuti mwana ali yense anali kukula kukhala katswiri wa nthano, pakuti luso limasiyana. Koma kunali kobvuta kupeza mwana wosadziwa poyambira.

3. SUKULU ZA MISHONI NDI NTHANO YOLEMBEDWA

M'caka ca 1899 amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anatsegula mishoni ya Magwero pafupi ndi Fort Jameson, mzinda umene lero timaucha Chipata. Anzao a ku Cape anali atayamba kale nchito ku Mvera, m'dziko la Nyasaland, mu 1889, ndi ku Nkhoma mu 1896. Popeza anthu a mbali zonse ziwiri za malire anali a cinenero cimodzi, mabuku a Cinyanja anali kuoloka malirewo, ndipo lalikulu mwa onse linali Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920.

Tiyenera kuvomereza kuti sukulu za mishoni zinapatsa mwana cinthu camtengo wapatali, ndico kulemba m'cinenero cake. Komabe colinga cacikulu ca sukuluzo cinali cakuti anthu athe kuwerenga Mau a Mulungu. Nchito ya mwana pa sileti inali kukopera zilembo, kulemba mau amene mphunzitsi akuchula, ndi kuloweza mavesi ndi katekisimu. Kupeka nkhani yakeyake sikunali m'gulu la zinthu zoyembekezeredwa kwa iye. Ndiponso popeza amishoni anali kutsutsa miyambo ina monga Nyau, mwana anayamba kuona kuti zina za kumudzi ziyenera kutsala kunja kwa mpanda wa sukulu.

Nthano zenizenizo sizinatayidwe. Azungu ena anazisonkhanitsa, monga anacitira R. Sutherland Rattray, amene mu 1907 anatulutsa buku la nthano ndi nyimbo za m'Cinyanja lokhala ndi matanthauzo ake m'Cingelezi. Zina zinalowa m'mabuku owerenga a m'kalasi. Koma nthano ikalowa m'buku inali kusintha khalidwe. Pamoto nthano imodzi inali ndi masimbidwe ambiri, pamene m'buku inali ndi kasimbidwe kamodzi kokha. Mwana amene kumudzi anali kuyamikiridwa cifukwa coonjeza zake, kusukulu anali kupezeka wolakwa cifukwa cosabwereza monga zinalembedwera. Apa ndi pamene mwana anayamba kuganiza kuti nkhani yoyenera pepala ndi imene inalembedwa kale ndi wina.

Boma la atsamunda linalimbikitsa kuphunzitsa m'zinenero za anthu. Gulu la Phelps-Stokes Commission, limene linayendera dziko lino mu 1924, linalangiza kuti ana ayambe maphunziro m'cinenero cao, ndipo mu 1927 kunasankhidwa zinenero zinai zogwiritsa nchito m'masukulu a Northern Rhodesia: Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Kwa zaka pafupifupi makumi anai zotsatira, mwana wa kum'mawa anali kuyamba kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja.

4. APHUNZITSI OLEMBA MABUKU NDI WAILESI

Kusintha kwakukulu kunadza pamene Aafirika eni ake anayamba kulemba nkhani zao. Bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1926, linali kucititsa mipikisano ya mabuku a m'zinenero za mu Afirika. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anapambana mphoto ndi buku lake lochedwa Nthondo, limene linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi mu 1934. Cimene citikhudza pano ndi kumene Nthara anatola nkhani yake. Iye sanalembe za Kalulu kapena za maiko akutali, koma za moyo wa munthu wa pamudzi, kuyambira kubadwa kwake, kupulupudza kwa unyamata wake, kupita kwake kukafuna nchito, kufikira atakhala mfumu. Kwa wophunzira wa nthawi imeneyo limeneli linali phunziro latsopano: moyo wa pamudzi pake unali woyenera kulowa m'buku.

Njira zofalitsira zolembedwa zinaonjezeka. Mu 1936 boma linayambitsa nyuzipepala ya Mutende, imene inali kutuluka m'zinenero zingapo kuphatikizapo Cinyanja. Mu 1937 kunakhazikitsidwa African Literature Committee, ndipo mu 1948 nchito yake inatengedwa ndi Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, imene inali ku Lusaka. Ambiri mwa amene anali kutumiza zolemba zao kumeneko anali aphunzitsi, ndipo msika wa mabukuwo unali masukulu. M'zaka zotsatira ana a sukulu anawerenga mabuku monga Kalenga ndi Mnzake la Josiah Phiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Mwana anali kuona kuti munthu wa dzina longa lake, wolankhula monga makolo ake, angathe kulemba buku.

Komabe mabuku olembedwera sukulu anali ndi malire ao. Popeza anayenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a maphunziro, ambiri anali a cilangizo: wocimwa ayenera kulangidwa, wosamvera makolo ayenera kuona tsoka, ndipo tauni kawirikawiri inali malo oonongera khalidwe. Ana anatengera cizolowezi cimeneci, kotero kuti m'malo mofunsa kuti, "Kodi cinacitika n'ciani?" anayamba kufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi afuna phunziro lotani?" Nkhani yoyambira pa phunziro imakhala yopanda mafupa, pakuti wolemba amadziwa kale mathero asanadziwe anthu ake.

Wailesi inabwezera ana cina cimene buku linawalanda, ndico liu la wosimba. Mu 1949 kunayamba kugulitsidwa wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special, ndipo mau a siteshoni ya ku Lusaka anafika m'makomboni ndi m'midzi. Dziko litalandira ufulu, Julius Chongo anachuka ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo, imene inamveka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Chongo anali kutenga kasimbidwe ka pamoto, n'kulankhula yekha mau a anthu onse a m'nkhani, ndipo anali kusakaniza nthano zamakolo ndi zocitika za moyo wamakono. Iye anaonetsa poyera kuti kasimbidwe kakale kangathe kunyamula nkhani zatsopano.

5. ZAKA ZA CINGELEZI

Mu 1963 gulu la akatswiri lotumidwa ndi UNESCO, lotsogoleredwa ndi W. C. Radford, linalangiza kuti Cingelezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira caka coyamba ca sukulu. Boma latsopano linavomereza langizoli mu 1965, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 1966. Zifukwa zake zinali zomveka pa nthawiyo: kufuna kugwirizanitsa mitundu ya dziko limodzi, kuthandiza ana a m'matauni a zinenero zosakanizana, ndi kulola mphunzitsi kutumizidwa kucigawo ciri conse. Cinyanja, pamodzi ndi Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, cinatsala ngati phunziro limodzi pakati pa maphunziro ena.

Pa nkhani ya kupeka nthano, zotsatira zake zinali zowawa. Mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza anali ndi nkhani zake m'cinenero cimodzi, koma anali kufunsidwa kuzilemba m'cinenero cina cimene anali kudziwapo mau owerengeka. Pofuna kumuthandiza, mabuku anali kumupatsa ziganizo zokonzeratu zoti adzaze mipata kapena asanje m'ndondomeko yake. Njira imeneyi imaphunzitsa galamala, koma siphunzitsa kupeza nkhani. Mwana wocenjera anazindikira msanga kuti njira yopewera inki yofiira ndiyo kulemba zocepa ndi kuloweza cimangirizo ca wina. Ngakhale pa phunziro la Cinyanja, mitu yobwerezedwa caka ndi caka, monga ya ulendo wa pachuthi kapena ya tsiku losaiwalika, inali kubala zimangirizo zofanana ngati mazira.

Cikalata ca kukonzanso maphunziro ca 1977 cinavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'cinenero cake, komabe cinasunga Cingelezi pamalo pake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anayesa kawerengedwe ka ana a m'masukulu a Zambia ndi a Malawi, kumene panthawiyo ana anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba. Iye anapeza kuti pa Cingelezi ana a maiko awiriwa sanali kusiyana kwenikweni, koma pa cinenero ca kwao ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Kunena kwina, ana athu analipira mtengo waukulu popanda kulandira cimene analonjezedwa.

Mu Lusaka munali bvuto linanso. Cinyanja ca m'misewu ndi m'misika ya mumzindamo n'cosiyana ndi ca m'mabuku, cimene cinazikidwa pa Cicewa ca kumudzi. Mwana wa ku Matero kapena ku Chawama akalemba mau amene amalankhula kwao, anali kuuzidwa kuti si Cinyanja ceniceni. Motero iye anali mlendo kawiri: m'Cingelezi, ndi m'cinenero cimene sukulu inali kunena kuti ndi cake.

6. KUBWERERA KU MAU A MWANA

Ndondomeko ya maphunziro ya 1996, yochedwa Educating Our Future, inalola kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca m'dera lake. Pamenepo kunabadwa Primary Reading Programme mu 1999, imene m'Giredi 1 inagwiritsa nchito njira ya New Breakthrough to Literacy. Njirayi inatengedwa ku Molteno Project ya ku South Africa, ndipo inayesedwa koyamba m'Cibemba ku Kasama mu 1998. Kacitidwe kake kanali kotere: ana anali kukambirana za cithunzi cacikulu ca zocitika zodziwika, mwana n'kunena ciganizo cake, n'kucimanga ndi timakadi ta mau, n'kucilemba m'kope lake. Ciganizo coyamba cimene mwana anawerenga cinali cocokera m'kamwa mwa ana eni ake. Ngakhale njirayi inabwera kucokera kunja, mzimu wake unali wa kumphala: lankhula coyamba pakati pa anzako, kulemba kudze pambuyo.

Mu 2014 boma linapita patsogolo n'kukhazikitsa zinenero za dziko lino ngati zophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4, koma dongosolo la maphunziro la 2023 linapatsanso Cingelezi malo oyamba. Kusinthasintha kumeneku kutiphunzitsa kuti mphunzitsi sangadikire lamulo lokhazikika kuti ayambe kuthandiza ana. Phunziro la Cinyanja, ngakhale likhale la mphindi zocepa, ndi bwalo lokwanira.

7. ZIMENE MBIRIYI ITIPHUNZITSA

Kucokera m'mbiri imene talondolayi tingathe kutolamo malangizo angapo. Loyamba ndi lakuti nkhani iyambe pakamwa. Mwana asimbire mnzake kapena kagulu kake asanagwire pensulo, ndipo omvera aloledwe kufunsa mafunso monga anali kucitira pamoto. Mafunso a anzake ndiwo amamuonetsa mipata ya nkhani yake.

Laciwiri ndi lakuti mwana apatsidwe bvuto m'malo mwa mutu. Mutu wakuti "Ulendo wa kucigayo" umabala mndandanda wa zinthu zimene mwana anaona panjira. Koma mphunzitsi akanena kuti, "Mtsikana watumidwa kucigayo ndi ndalama yomaliza ya amai ake, ndipo pofika wapeza kuti mfundo ya nsalu yamasuka," manja amakwera okha. Wina amati abwerere kukafunafuna, wina amati anyengerere mwini cigayo, wina amati aname kunyumba. Bvuto limodzi labala nkhani zitatu, ndipo iri yonse ndi ya mwini wake.

Lacitatu ndi lakuti anthu a m'nthano zamakolo aloledwe kulowa m'moyo wa lero, monga anacitira Chongo. Kalulu angathe kugulitsa pamsika wa Soweto, Fisi angathe kukhala woitanira anthu pa minibasi. Mwana amene akudziwa kale khalidwe la Fisi safunikira kulipeka. Mphamvu zake zonse zimapita pa zocitika.

Lacinai ndi lakuti mwana auzidwe momveka kuti za kwao n'zoyenera pepala, monga Nthara anaonetsera. Maliro, mlandu wa mbuzi yodya cimanga ca eni, kusamuka kwa banja, mlendo wofika usiku: zonsezi ndi nkhani. Phunziro la khalidwe lisakakamizidwe kumapeto. Ngati lilimo, wowerenga adzalipeza yekha.

Lacisanu ndi lakuti kukonza kalembedwe ka mau kudze nkhani itaima kale. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 ndi ofunika, ndipo mwana ayenera kuwadziwa. Koma inki yofiira ikafika msanga, mwana amaphunzira kusamala m'malo mwa kusimba. Comweconso mau a Cinyanja ca mu Lusaka ali ndi malo ao m'kamwa mwa anthu a m'nkhani, pakuti ndi mmene anthuwo amalankhulira.

8. MAU OMALIZA

Taona kuti pamudzi mwana anali kupatsidwa anthu odziwika, bvuto ndi omvera. Kuti sukulu za mishoni zinampatsa zilembo koma zinaumitsa nthano. Kuti aphunzitsi olemba mabuku ndi wailesi anamuonetsa kuti moyo wake ndi nkhani. Ndiponso kuti lamulo la 1966 linalekanitsa maganizo ake ndi mau ake kwa zaka makumi atatu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Olemba mabuku a Cinyanja a mawa ali m'makalasi a pulaimale lero, ndipo ngati aphunzira kuti alibe colemba, cinenero cidzasowa mabuku atsopano. Ife amene timaphunzitsa aphunzitsi tili ndi udindo wowakumbutsa kuti mwana wonena kuti alibe colemba kawirikawiri amatanthauza kuti sakudziwa ngati zimene ali nazo n'zololedwa. Nchito yoyamba ya mphunzitsi ndiyo kumfunsa zimene anali kusimbira anzake panja, ndi kumuuza kuti ayambire pomwepo.